Kabokosi Kopondera ka Fanizo

Anthu a pa Nchalo amamudziwa pawiri Fanizo Fernando. Mkati mwa sabata ndi munthu wa mapampu kuminda ya nzimbe, woyenda ndi sipanala m'thumba la ovolosi, kumvetsera ngati injini zokoka madzi mu Shire zikulira bwino. Loweruka ndi Lamlungu ndi woimba gitala.

Anabadwira ku Marka, kumalire. Bambo ake anawoloka kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo atasenza valimba, chida cha timatabwa tokhala ndi zikho kunsi, chimene amachiimba anthu atatu nthawi imodzi, aliyense ndi mbali yake. Fanizo valimba sanayiphunzire, manja ake anakonda gitala, koma nyimbo za bambo akezo zinamukhala m'mutu ndi mbali zake zonse zitatu. Atabwera ku Nchalo kudzayamba ntchito anapeza anzake awiri, Rex wa gitala ya besi ndi Symon wa ng'oma, n'kugawana mbali zija. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi anaimba m'maukwati kuyambira ku Maseya mpaka ku Bangula.

Gululo silinathe ndi mkangano. Madzi osefukira a mu 2015 atakokolola nyumba ya Symon, iye anasamukira kumtunda, kwa abale ake ku Thyolo. Patapita chaka Rex analowera ku Joni. Fanizo anatsala ndi gitala, ampulifaya yaing'ono ndi nyimbo zosowa anthu. Akaweruka ankaimba yekha pakhonde, koma mbali imodzi ya nyimbo ya anthu atatu inkamveka ngati munthu woyankha funso limene palibe wafunsa.

Zaka zinapita choncho, mpaka tsiku lina Rex anamutumizira kanema pafoni. Munali bambo wina m'mbali mwa msewu wa ku Joni, yekhayekha ndi gitala, koma phokoso lake ngati bandi yathunthu. Nthawi ndi nthawi ankaponda kabokosi kamene kanali pansi.

"Amati lupa, achimwene," anatero Rex m'mawu amene anajambula. "Mumaimba kachigawo, n'kuponda. Iko kamasunga n'kumabwereza, inu n'kumasanja zina pamwamba. Gulani. Mukatero ine ndi Symon tizikhala m'kabokosi."

Miyezi iwiri yathunthu Fanizo ankathera nthawi ya nkhomaliro pansi pa mtengo wa nimu, kuonera malupa pafoni. Lero wasankha iyi, mawa wasintha. Mkazi wake Otilia, amene amagulitsa zitenje ndi nsomba zouma zakudambo mumsika wa pa Nchalo, anatopa nazo.

"Bambo a Pempho, katundu sagulira pachithunzi," anatero. "Lachisanu ndikukwera ku Limbe kukaoda. Pemphani tchuthi, munyamule gitala yanuyo."

Anakwera mapiri a ku Thabwa m'minibasi, gitala ili pamiyendo. Mu Limbe anapeza sitolo ya zoimbira ya mayi wina dzina lake Jenifer, amene anawayalira malupa atatu patebulo. Yoyamba inali yaikulu, ya zopondera zisanu ndi kagalasi kowala. Fanizo atamva mtengo wake anangoisisita, n'kuikankhira pambali mwaulemu. Yachiwiri inali yapulasitiki, yokhala ndi ng'oma zakezake m'kati. Yachitatu kanali kachitsulo kokwana m'dzanja, batani limodzi lopondera ndi kopotokola kamodzi ka mawu.

"Kwa munthu woimba yekha, tengani ya ng'omayi," anatero Mayi Jenifer. "Muli mitundu makumi atatu ya ng'oma. Anyamata a m'matchalitchi akuilanda."

Fanizo analumikiza gitala, nayamba nyimbo ya likhuba, gule wa kwawo. Mayi Jenifer ankasintha ng'oma imodzi ndi imodzi. Anafika ya khumi, ya makumi awiri, mpaka yomaliza, koma palibe imene inagwirana ndi nyimboyo.

"Ng'oma izi zikuyenda ngati asilikali paperete, mayi," anatero Fanizo. "Zakwathu zimayenda patatupatatu. Ndikatenga imeneyi ndizilimbana nayo."

Anayesa kachitsulo kaja. Anagogoda thupi la gitala ndi chikhatho kuti likhale ng'oma, n'kuponda. Anaika besi pa nsambo zokhuthala, kenako mbali yapakati, kenako yapamwamba. Anasanja kasanu dala kuti amve ngati mawu achita matope, koma chilichonse chinkamvekabe pachokha. Nyimbo imeneyo anali asanaimve yathunthu chichokereni Symon.

Otilia anali ndi mafunso ake. "Nanga magetsi akathima? Ukwati wa kumudzi ulibe soketi."

Mayi Jenifer anavomera kuti yapulasitikiyo imafuna magetsi a pakhoma, pamene kachitsuloko kamatha kudya moto wa pawabanki ukakhala ndi kachingwe kake kapadera. Sanabisenso zofooka zake: kamasunga nyimbo imodzi yokha, ndipo batani limodzilo ndi lochita zonse. Kuponda kamodzi n'kujambula, kawiri n'kuimitsa, kukanikiza nthawi yaitali n'kufufuta.

"Kwathu kumatentha moti ndowa yapulasitiki imapindika pabwalo," anatero Otilia. "Tikutenga kachitsuloka. Kachingweko mutiikire basela."

Anakokanakokana amayi awiriwo mpaka Mayi Jenifer anaseka n'kukaponya m'jumbo. "Takhuta," anathokoza Otilia m'Chisena, uku akumanga jumbolo.

Kugula kunali kosavuta poyerekeza ndi zimene zinatsatira. Masabata oyamba nyimbo iliyonse inkatsimphina. Fanizo akachedwa kuponda ngakhale pang'ono chabe, kabokosiko kankabwereza kulakwitsako mosatopa, mpaka iye atafufuta. Anayamba waganiza kuti amugulitsa chinthu chakufa. Kenako anavula jombo zakuntchito n'kumaponda ndi chala chachikulu, ndipo zinayambako kuwongoka. Koma panatsala vuto lina: akamaimba pamwamba pa zimene wajambula, ankapezeka kuti wazisiya m'mbuyo. Kabokosi sikafulumira, sikachedwa. Wothamanga anali iye.

Lamlungu lina masana anaimbira foni Symon ku Thyolo.

"Achimwene, zaka zonse zija ndinkakukalipirani kuti mukuchedwetsa nyimbo. Ndapeza kuti wothamanga ndinali ine."

Symon anaseka mpaka kutsokomola. "Ndinkakuuzani, inu osamva. Ndiye mwamvera kachitsulo?"

Patatha miyezi inayi anamuitana ku ukwati ku Maseya. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, anthu atapanikizana pansi pa tenti ndi m'mithunzi ya mitengo. Fanizo anakhala pampando, navula nsapato, nayamba kusanja mbali zake. Ena anazungulira kuseri kwa ampulifaya kukafuna oimba enawo. Mkulu wina ananena mokweza kuti ndi chinyengo, nyimbozo zili pa memore khadi. Fanizo sanatsutse. Anafufuta zonse, n'kupempha mkuluyo kuti atchule dzina la mkwatibwi pafupi ndi gitala. Dzinalo silinamveke bwino, koma kutsokomola kwa mkuluyo ndi kugogoda kwa ndodo yake pathupi la gitala kunalowa, ndipo kunayamba kubwerezabwereza m'sipika. Anthu anafa nacho chiseko, mkulu uja n'kukakhala pansi.

Gule anayamba bwino. Amayi analowa m'bwalo, fumbi linakwera. Koma nyimbo itafika pakati, Mayi Esinala, azakhali a mkwatibwi, anaima n'kubwera kwa Fanizo thukuta lili kamukamu.

"Bambo, anzanu osaonekawo auzeni afulumire. Ife tatentha, iwo akadali pomwe anayambira."

Fanizo anamva manyazi, chifukwa mayiwo ankanena zoona. Woimba ng'oma amayang'ana mapazi a ovina, akaona kuti gule wakolera amawonjezera moto. Kabokosi kalibe maso. Anaponda kawiri, zonse zinati zii, n'kutsala gitala yokha m'manja mwake. Anaikwapula mofulumira, maso ali pa mapazi a Mayi Esinala. Amayi amene anali m'mbali anayamba kuwomba m'manja, ena mbali ya ng'oma, ena ya besi, popanda wowauza. Nyimbo imeneyo inatha patapita mphindi makumi awiri.

Kuyambira tsiku limenelo kaimbidwe kake n'komweko. Poyeserera kunyumba amadalira lupa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pagulu amayamba nayo, anthu akamadya ndi kucheza imamugwirira ntchito ya anthu awiri, koma gule akapsa amaizimitsa. Oimba anzake a ku Ngabu ndi ku Bangula akamufunsa yoti agule, satchula dzina la kampani. Amawauza kuti anyamule gitala yawo ndi nyimbo yovuta kwambiri imene ali nayo, akaiyesere m'sitolo momwemo.

Kabokosiko tsopano kakwanitsa zaka zitatu. Utoto unasupuka pamene pamafika chala, ndipo amakasunga m'sokosi yakale kuopa fumbi. Kanavutapo kamodzi kokha, chaka chatha nthawi ya dzinja, batani litayamba kukana. Fanizo anakatsegula pakhonde, napezamo nyerere zitamanga. Anazikutumula, napukuta ndi kansalu, ndipo Loweruka lake anakaimba nako ku chinkhoswe ku Sorgin.