Nambala yobwera ndi magetsi

Ndinagwira ntchito ya m'nyumba zaka zambiri kwa adona ena ku Sea Point, m'dziko la eni kuno. Kuchokera ku Philippi komwe ndimakhala, takisi ziwiri, miyendo kutupa, koma za miyendo tizisiye kaye.

Chaka china anaikitsa loko wopanda kiyi. Kabokosi ka pachitseko kankasankha kokha nambala yatsopano tsiku lililonse n'kuitumiza pafoni ya adona, iwo n'kunditumizira ine. Wogulitsayo anati palibe angailote. Ine sukulu ndinalekeza sitandade faifi, mutu sindiukhulupirira, ndiye nambala iliyonse ndinkailemba kumapeto kwa buku langa la nyimbo.

Kenako laputopu ya adona inasowa, chitseko chosathyoledwa.

"Nambala ya tsikulo tinkaidziwa awiri, iwe ndi ine," anatero adona. "Lachisanu ndi tsiku lako lomaliza."

Ine amene ndinawalerera mwana, matewera ndi zonse.

M'takisi ndinatsegula buku lija, osati kuti ndiimbe ayi. Ndinaona nambala imodzi ikubwerabwera. Masiku akewo ndinawakumbukira bwino, chifukwa ndi omwe ndinkachapa pamanja pabafa, magetsi atathima m'mawa. Msana suiwala. Laputopu nayo inapita tsiku lotero.

Lachisanu ndinalemba nambalayo pakapepala n'kukavindikira ndi kapu.

"Adona, thimitsani magetsi onse, muyatsenso."

"Wayamba zaufiti tsopano?"

"Ufiti wakwathu sufika kuno, ulibe pasipoti."

Anathimitsa, anayatsa. Foni inalira, nambala yafika. Anayang'ana foni, anavundukula kapu, anayang'ananso foni. Tinabwereza katatu, katatu konse nambala yomweyo ya pakapepala. Kachitatuko ndinali nditakhala pasofa, pomwe sindinkakhalapo.

Anaitana wokonza, bambo wa ndevu amene anamwa tiyi wanga osathokoza. Iye anati kabokosiko magetsi akabwera kamadzuka kataiwala zonse, n'kuyambira pa nambala imodzimodzi. Ndiye aliyense amene anapatsidwapo nambala tsiku lothima magetsi, kaya opaka penti, kaya okonza mipope, ankatha kulowa tsiku lina lotero. Anandifunsa komwe ndinaphunzira zimenezi. Ndinati pabafa.

Wakubayo sitinamudziwe mpaka lero. Adona anapepesa akulira, n'kufunsa chomwe angandichitire. Ndinati Lolemba ndikubwera monga mwa masiku onse, koma ndipeze kiyi wachitsulo. Ndinamupezadi patebulo, ndipo ndinamumangirira kunsonga ya chitenje.