Pikapu Imene Inkachira Ikaona Makaniko

Pafupi ndi chiwongolero cha pikapu yakaleyo, pamene utoto unasupuka, panali timizere ta choko khumi ndi tiwiri. Kamzere kalikonse kankaimira tsiku limene injini inafooka panjira. Ankalemba timizereto anali mayi wamasiye amene anthu owotcha njerwa ankangowatcha Adalaivala. Amuna awo atamwalira anawasiyira ana atatu ndi galimotoyo, ndipo banja lonse linkadya chifukwa cha maulendo ake a njerwa ndi mchenga.

Matenda a galimotoyo anali ochititsa manyazi mwini wake. M'mawa inkalira bwino ndi kuthamanga ngati yatsopano. Ikayenda ola lathunthu inkayamba kutsamwa, ndipo akaponda moto inkangowefuka ngati munthu wa chifuwa. Ikagona pagalaja, inkadzuka ili bwinobwino.

Amakaniko atatu anayesa nzeru zawo. Woyamba anasintha mapulagi, wachiwiri sefa ya mafuta, wachitatu pampu. Aliyense ankailiza ili chiimire pabwalo, kumvetsera pang'ono, n'kugamula. Palibe anavomera kukwera nawo pa ulendo wa njerwa. Zikuoneka kuti mmisiri amapirira matenda ovuta, koma sapirira mzimayi womuuza kuti sanachize kanthu.

"Mayi, injini ilibe mlandu," anatero wachitatuyo akupukuta manja. "Mwina vuto ndi phazi lanu. Galimotoyi inazolowera phazi la malemu."

"Phazi langa ndi lomweli m'mawa ndi masana, bambo. Likulakwa bwanji masana okha?"

Alamu awo, mkulu wake wa malemu, anali atatopa ndi nkhaniyi. "Alamu, chitsulo ichi chatha, musadzivute. Ndapeza wogula zitsulo zakale. Loweruka akubwera kudzachitenga."

Lachitatu, galimoto ikutsamwa monga mwa masiku onse, Adalaivala anakhotera pamalo omwetsera mafuta. Wothira mafuta atamasula chotsekera thanki, thankiyo inakoka mpweya, fyuuu, ngati munthu wovuuka m'madzi. Pochoka pamenepo galimoto inali yamphamvu. Phokosolo anali atalimvapo kangapo, koma tsiku limenelo ndi pamene anadzifunsa chifukwa chake.

Anakumbukira kuti chotsekera chenicheni chinatayika sabata ya maliro, galimoto ikututa nkhuni ndi anthu. Alamu omwewo ndi amene anabweretsa china cha pachigubu, n'kuchiikira mphira wa chubu kuti dontho limodzi la petulo lisatayike. Anachita zimenezo mwa chikondi, ndipo anachita bwino mopitirira muyeso. Thanki imafunika kupuma: mafuta akamatuluka, mpweya uyenera kulowa. Ukapanda kulowa, pampu imakoka mpaka kulephera.

Mayiwo sanathamangire kuuza munthu. Anapakira njerwa, n'kuyenda mpaka galimoto inatsamwa pachitunda. Anatsika, kumasula chotsekera, kumva fyuuu, ndipo galimoto inakwera chitundacho osadandaula. Anabwereza katatu, masiku awiri, chifukwa ankadziwa kuti mawu a mzimayi pa nkhani ya injini amafunsidwa umboni umene mwamuna safunsidwa. Kenako anawotcha kamsomali pamoto n'kuboola kachibowo pachotsekeracho.

Loweruka wogula zitsulo anafika ndi lole yake, n'kuima pakati pa chipata. Anadikira pamodzi ndi alamu aja mpaka dzuwa linafika pamutu. Pikapu inatulukira pakona itadzaza njerwa, italemedwa mpaka kumbuyo kutatsika, koma injini ikulira mosadukiza. Adalaivala anatsika, kuwapatsa moni mwaulemu, n'kufotokoza za chotsekera mwachidule, osatchula amene anachibweretsa.

Alamuwo anayang'ana kachibowoko nthawi yaitali, akukanda m'mutu.

"Ndiye alamu, munthu wabwera kaleyu ndimuuze chiyani?"

"Muuzeni asunthe lole yake. Ndikufuna kutsitsa njerwa."