Gitala Yofiira Mbali Imodzi

Gitala yanga ya magetsi inabwera m'katoni ili zidutswazidutswa. Mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Joni ndiye anaitumiza pa basi, ndipo pafoni anati, "Achimwene, yomanga kale ndi yodula. Iyi mulumikize nokha, si inu ophunzira?" Nditatsegula ndinapeza thabwa loyera mbee losemedwa ngati thupi la gitala, khosi lake lili palokha, nsambo zokulungidwa, ndi timatumba ta pulasitiki todzaza mawaya ndi timaginito tija timatola mawu a nsambo. Penti munalibe. Ndinamutukwana pang'ono mumtima, kenako ndinakondwa ngati mwana.

Nthawi imeneyo ndinali woyeza magazi pa chipatala china chaching'ono ku Neno, kutsogolo kwa Chifunga. Kwathu ndi ku Kasungu, kuno inanditaya ndi ntchito. Ndinkachita lendi nyumba ya bambo wina, mlimi wa chimanga ndi nandolo yemwenso anali mkulu wa mpingo, ndipo khomo lake linayang'anizana ndi langa. Ankakhala ndi mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi wamng'ono. Anthu onse ankanditchula adokotala ngakhale ntchito yanga inali yobaya zala ndi kusuzumira m'makina basi. Sindinali munthu wocheza. Ndikaweruka ndinkatseka chitseko, ndipo wondifunsa zambiri ndinkamudula pakamwa. Ndine wa mtima wapachala, zimenezo ndimazidziwa.

Ndinayamba ndi kukwecha thabwa lija ndi sandipepa mpaka linaterera ngati dzira. Ndinkafuna gitala yofiira, koma penti wabwino anali kutali, ku Mwanza kapena ku Blantyre. Kalipentala wina wa pamsika anandiseka. "Mukuvutikiranji, adokotala? Pitani kuphiriko mukateme khungwa la mlombwa. Utomoni wake ukalowa m'thabwa suchoka." Ndinapitadi. Amene anaonapo mlombwa utatemedwa akudziwa: umatuluka zofiira kuti psuu, zoterera, zosasiyana ndi magazi a munthu. Ndinazisungunula ndi sipiriti m'botolo la mafuta ophikira, n'kumapaka nditavala magulovu oyera kuti zisandidetse manja. Ndikamaliza ndinkapachika thabwa lija pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, beseni lili pansi kuti zodontha zigweremo, magulovu n'kuwayanika pachingwe.

Mbali ya kutsogolo itauma, kudikira kunandikanika. Ndinamanga khosi, ndinakoka nsambo, ndinalowetsa timaginito. M'nyumba munalibe magetsi, ndiye chitsulo chowotcherera mawaya ndinkachitenthetsa pa mbaula. Sipika yoyesera ndinalibe. Ku tchalitchi kwa eni nyumba inaliko, yoyendera batire, koma kupempha kunkandilemera pakamwa. Ndinaipachikanso pa mango gitala ija, n'kumati ndiyambe ndapaka kumbuyo kwake.

M'masiku omwewo kunafika mphekesera za anamapopa kuchokera m'maboma ena a kumwera kuno. Zinkayenda pa mafoni ndi pa mjigo: akuti amabwera ndi makina a mawaya, amapopa magazi a anthu n'kukagulitsa. Ife kuntchito tinkaseka, ngakhale tinkamva pa wailesi kuti kwina anthu aphedwa chifukwa cha mbiri imeneyi. Ine sizinandilowe m'mutu kuti nkhaniyo ingandikhudze. Mzere wa odwala pakhomo la chipinda changa unayamba kufupika, ine n'kumati malungo achepa chaka chino. Mayi amene ndinkagula kwa iye tomato anasiya kundiikira banyira, anasiyanso kundiyang'ana kumaso. Ana akandiona pamsewu ankakhotera m'munda. Chakudza sichiimba ng'oma, amatero, koma ichi chinaimba, wogontha ndinali ine.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, eni nyumba aja anabwera pakhonde panga. Anavula chipewa, anakhala pa njerwa, anapereka moni wautali. Kenako anati, "Adokotala, kodi chinthu chili pa mango chija n'chiyani?"

"Ndi gitala," ndinatero mokalipa. "Simuona nsambo?"

"Nsambo ndaziona. Koma gitala timaidziwa ife, imakhala ndi bowo pamimba. Ija ilibe. Dzulo muli kuntchito ndinaikhudza, siikulira. Ndiye tamvani mmene anthu akunenera. Chinthu chosalira, cha mawaya m'kati, chikudontha zofiira m'beseni, chikununkha mankhwala a kuchipatala, mwini wake ndi mlendo wotenga magazi. Inuyo mukanati chiyani, eti?"

Ndinangotsala pang'ono kuseka. Ndinayang'ana kuchingwe, magulovu aja akupeperuka ali ofiira mpaka m'zala. Ndinawaona monga mmene munthu wodutsa panjira angawaonere.

"Amuna asonkhana pa tchalitchi," anapitiriza bambowo motsitsa mawu. "Ena amafuna abwere konkuno ndi miyala. Ndawapempha kuti ayambe amva. Ndawauza kuti ngati ndi gitala, ilire pamaso pawo. Batire ndatchaja. Tiyeni."

Sindinawauze kuti gitalayo sinalirepo chiimangireni. Mawaya ake ndinalumikiza poyang'ana kachithunzi kofufuma kamene kanali m'katoni, ndipo sindinkadziwa ngati ndinalondola. Ndinaganiza zothawira kuchipatala kudzera m'munda wa nandolo, koma munthu wothawa wavomera mlandu, ndipo miyendo ya alimi a m'mapiri muno sindikanaipirira. Ndinatsitsa gitala ija pa mango n'kuinyamula ngati mwana wodwala.

Njira ya ku tchalitchi ndi yaifupi, koma tsiku limenelo inanditalikira. Ndinkachita mantha, mantha enieni a imfa. Ndinkaganiza za mayi anga ku Kasungu akulandira foni, ndi mng'ono wanga ku Joni akumva chimene katoni yake yandichita. Pabwalo la tchalitchi anthu anali ambiri, amuna kutsogolo, amayi kumbuyo cha kukhoma. Ambiri ndinkawadziwa, ndinawabayapo zala. Palibe anandipatsa moni. Ndinaona kalipentala uja ataima chapatali, maso ali pansi, ndipo ndinamvetsa kuti sandilankhulira. Nayenso anali ndi ana.

Anatulutsa sipika n'kuiika pa benchi. Ndinagwada, ndinalowetsa chingwe cha sipika m'kabowo ka m'mbali mwa gitala, eni nyumba anayatsa. Chimene chinatuluka si nyimbo. Chinali chiphokoso chakuya, huuuu, ngati chigayo chikuyamba. Nditakhudza nsambo chinakula n'kuyamba kulira mokukuta. Amayi anakuwa, ana anabalalika. Mawu ena kumbuyo anati, "Mwamva? Ayamba kupopa!" Ndinaona bambo wina akuwerama kutola chidutswa cha njerwa.

Ndinazula chingwe chija, pabwalo panangoti zii. Sindikudziwa nzeru zinachokera kuti, koma ndinakumbukira kuti pa kabowo kaja pali timawaya tiwiri, ndipo tsiku lowotcherera ndinakayika kuti kakuda kapite mbali iti. Mwina ndinatisinthanitsa. Mwina ayi.

"Ndikupempha mbaula ya moto," ndinatero, "ndi chitsulo chili pawindo kwanga."

"Akufuna athawe ameneyo," anatero wa njerwa uja.

"Sachoka pano," anayankha eni nyumba. Anatuma mkazi wawo, ndipo iwo anabwera kudzaima pambali panga penipeni, phewa kukhudza phewa.

Mayiwo anabwera ndi mbaula ndi chitsulo, anaziika pansi kutali nane n'kubwerera msanga. Kudikira kuti chitsulo chitenthe kunali ngati kudikira nyemba zouma kuti zipse. Ine manja anga sankaphonya pobaya chala ngakhale cha khanda, koma apa mtovu wowotcherera mawaya unkangogwera m'dothi. Ndinadziwotcha chala osamva kupweteka. Ndinachotsa timawaya tija, ndinatisinthanitsa, ndinauzira, thukuta likudonthera pa thabwa lofiiralo. Ndinalowetsanso chingwe. Sipika sinalire kanthu, ndipo mtima unandiuza kuti ndaiwonongeratu. Ndinatseka maso n'kukhwatcha nsambo zonse ndi chala chachikulu.

Inalira. Mawu oyera, aakulu, anakagunda khoma la tchalitchi n'kubwerera. Kuimba sindidziwa kwenikweni, ndimangodziwa kagwiridwe kochepa kamene ndinaphunzira kusukulu, koma ndinabwerezabwereza komweko ngati munthu wopalasa bwato lobooka. Wina anaseka. Mayi wina wa kwaya anagwira kayendedwe kake n'kuyambitsa nyimbo ya mapemphero, anzake anapolokoza. Apo m'pamene kalipentala uja anapeza pakamwa, kumauza aliyense kuti za mlombwa anandiuza ndi iye. Wa njerwa uja anaitaya mwakachetechete, ndipo pambuyo pake anadzandipempha kuti aigwireko gitalayo. Ndinamupatsa, koma ukali unali utandigwira. Ndinkafuna kuwatukwana onse mmodzimmodzi.

Ndikubwerera kunyumba, mkazi wa eni nyumba ananditsatira atanyamula mbaula ija. Titafika pakati pa makomo athu awiri anaiika pansi, anagwada.

"Adokotala, mwana wanga wamkazi uja akutentha thupi. Masiku apitapo ndithu. Lero sakudya, akungogona."

"Nanga bwanji simunabwere naye kuchipatala?" ndinakalipa.

Anangoyang'ana gitala imene ndinanyamulayo.

Ukali wonse unandichoka, m'malo mwake munalowa mantha ena oposa a pa tchalitchi paja. Mwanayo ankasewera pakhonde panga masiku onse aja ndinkakwecha thabwa, ndipo sindinazindikire n'komwe kuti wasowa. Ndinasiya gitala padothi pomwepo. Mwanayo tinamunyamula pa njinga, bambo ake akupalasa, ine ndikuthamanga pambali. Anali wotentha ngati mbaula ija, maso akutembenuzika. Kuchipatala ndinagwira kachala kake kuti ndibaye, mayi ake ataima pamutu panga akuyang'anitsitsa dontho lililonse kumene likupita. Anali malungo, aakulu. Anamwino anandiuza kuti tikanadikira mpaka m'mawa, bwenzi nkhani ili ina.

Mwanayo anachira. Masiku ano ndi namwali wamkulu, ndipo akandiona amandiseka kuti ndimaimba ngati mbuzi yomangidwa. Gitala ndikadali nayo, imalira bwino, ndipo ndinakhala ndikuiimba ku tchalitchi kuja mpaka pamene ntchito inandisamutsa. Botolo la utomoni lija ndinakalitaya m'chimbudzi tsiku lomwe lija la pa tchalitchi. Anthu akaitembenuza gitalayo amandifunsa chifukwa chake kumbuyo kwake kuli thabwa loyera, ndipo ndimangoti penti anandithera.