Maliro Opanda Womwalira

Ndikukumbukira chaka chimene achipatala analamula amayi anga kuti azikhala pansi osagwira kanthu. Tinkakhala m'malayini a pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, m'nyumba imene inali yathu pokhapokha ngati amayi akuthyola tiyi. Abambo anali ku Limbe kosaka ntchito, ndipo ntchitoyo inkawazemba mwaluso ndithu. Ndiye amayi atagwa m'munda dengu lili kumsana, kapitawo anawauza mokoma mtima kuti akadzafuna kugwanso akagwere kwawo. Kwawo kwake kuti, poti tonse tinabadwira pomwepo?

Kuchipatala cha mishoni anawapeza ndi matenda othamanga magazi. Anawapatsa timapiritsi, kenaka nesi wina wachitsikana anawonjezera mankhwala aulere. Tsiku lililonse azikhala pamalo pa zii, atseke maso, azimvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka. Maganizo kapena phokoso zikabwera asalimbane nazo, azingozisiya zidutse ngati anthu a mumsewu. Ankati kumeneko ndi kusinkhasinkha. Amayi anabwerako akung'ung'udza. Munthu wa ana anayi, wakhala akukoka mpweya chibadwire, lero aphunzitsidwe ndi mwana wa dzulodzuloli! Koma nyumba inali pachiswe, ndiye anamvera.

Anayamba Lamulungu masana. Anayala mkeka pakhonde, anadzifunda chitenje, anatambasula miyendo n'kutseka maso. Ine Esinta, woyamba kubadwa, ndinapatsidwa ulonda, kuti aliyense wobwera ndimuuze asawalankhulitse. Ntchitoyo ndinaigwira ngati andilemba ndi a boma.

Chimene nesi uja anaiwala n'chakuti m'malayini mkazi sakhala pansi masana manja ali lende. Akakhala pansi ndiye kuti akusenda chinangwa, akusankha nyemba kapena akuluka mwana tsitsi. Mkazi wokhala duu, miyendo yotambasula, wopanda chogwira, ndiye kuti pagwa zovuta. Ndipo pamaliro sufika ndi mafunso. Umavula patapata, n'kukhala pansi, n'kudikira eni ake akuuze.

Oyamba kufika anali amake Joji, a khomo loyandikana nafe, amene ankadzabwereka sefa. Ndinawathamangira chala chili pakamwa.

"Musawalankhulitse," ndinanong'ona. "Zachokera kuchipatala."

Anaika manja kumutu, anabwerera kwawo, n'kutulukanso atamanga duku. Anakhala pambali pa amayi mwakachetechete. Wina atawaona awiriwo anasiya zochapa m'beseni n'kubwera. Wina anaphula ndiwo zosapsa. Posakhalitsa khonde linadzaza, ena anayala zitenje pabwalo. Amuna anasonkhana pansi pa mtengo wa mapeyala, zipewa m'manja, ndipo bambo wina wachangu anabweretsa mtolo wa nkhuni. Popanda wolankhula, onse anali atagwirizana kale kuti abambo athera ku Limbe.

Bata lake ndimalimvabe. Kunkangomveka njiwa m'mabulugamu, ndipo kamphepo kankabweretsa fungo la tiyi wa kufakitale. Ngakhale makanda anasiya kulira. Ine ndinkayendayenda chifuwa chili patsogolo, poti m'malayini mwathu, mmene anthu ankakangana ngakhale pa nkhani ya chingwe choyanikira, simunakhalepo chete wotere. Amayi ankamva ndithu mitswatswa, koma anali wophunzira womvera. Ankangoisiya idutse.

Zinatha atatulukira mayi Mulipa, amene kulira maliro linali luso lawo lodziwika esiteti yonse. Iwo analibe nthawi yodikira kuuzidwa. Anataya ndowa pamjigo n'kuyamba kulira ali patali.

"Mayo ine, achimwene! Anawa mwawasiyira ndani!"

Amayi anatsegula maso. Anayang'ana akazi, anayang'ana amuna, anayang'ana nkhuni.

"Wamwalira ndani?"

"Iii, amake Esinta," anatero amake Joji, "ifetu timadikira kuti mutiuze ndinu."

"Ine ndikungokoka mpweya. Anena ndi a nesi, nkhani ya BP ija."

Anthu anaseka mpaka ena kugwirana. Amuna anavala zipewa n'kumwazikana ngati ankangodutsa, ndipo wa nkhuni uja anasenzanso mtolo wake, osasiyapo ngakhale kamtengo. Mayi Mulipa anakwiya kuti tawawonongetsa misozi. Koma amayi sanaseke.

"Kani ntchito mumatha kuisiya?" amayi anawafunsa akazi aja. "Ndinagwa m'munda muja, munangondikupiza ndi chitenje n'kuthamangira kusikelo kukayezetsa tiyi wanu. Lero mwamva za maliro, mwasiya ndi ndiwo pamoto. Khalani pansi. Mundikhalire ndikadali moyo."

Mawuwo anawalasa, ndipo ine anandiliza. Ndipamene ndinadziwa kuti amayi, amene ndinkawayesa chitsulo, anali ndi mantha. Akazi aja anakhalanso pansi mmodzimmodzi, n'kutseka maso, wina diso limodzi lokha kuopa kupusitsidwa kawiri.

Kuyambira pamenepo, akaweruka kumunda, angapo ankabwera pakhonde pathu kudzakhala chete kanthawi asanasonkhe moto. Mawu oti kusinkhasinkha sanawagwiritsepo. Ankangoitanizana kuti, "Tiyeni kumaliro kwa amake Esinta." Kaya anali mapiritsi, kaya linali khonde lija, amayi sanagwenso. Anathyola tiyi mpaka kukalamba, ndipo tonse tinakulira m'nyumba ija.

Lero ndili ku Blantyre, ndipo magazi anga nawo ayamba kuthamanga. Kuntchito anatiitanira katswiri wa suti kudzatiphunzitsa kukoka mpweya, ndipo tinamuombera m'manja. Mufoni mwanga muli mzimayi wa mawu ofewa amene amandiuza nthawi yotseka maso. Ndimakhala pakhonde, kuseri kwa mpanda wa njerwa, popanda wondisokoneza, zimene akatswiri amati ndiye zabwino kwambiri. Ndikhoza kukhala choncho mpaka dzuwa kulowa, palibe angavule patapata kudzakhala pambali panga. Tsiku limene ndidzakhale chete zenizeni, oyandikana nane adzazimvera pafoni.