Dzinja limene mpeni unameranso mano

Ndisananene chilichonse, ndiyambe ndayamika Mulungu amene anatisunga m'nyumba imodzi ku Bangwe chaka chimene tinatsala pang'ono kubalalika. Ndimuyamikenso chifukwa cha kanthu kakang'ono kamene anagwiritsa ntchito: mpeni wopinda wa bambo anga.

Chigwiriro chake chinali chakuda, chosalala ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo nthawi zonse chinkanunkha mphira. Mpeniwo unali ndi mano ngati a sowo, kuyambira pafupi ndi chigwiriro mpaka kunsonga. Bambo ankagulitsa zingwe ndi malegeni pamsika, komanso ankadula matayala akale n'kupanga nkhwayira ndi zomwera nkhuku. Pa ntchito yotere mpeni wamba unkabuntha dzuwa lisanalowe, koma uwu unkatha miyezi. "Nsonga za manowa ndizo zimamenyedwa," ankatero bambo, "koma podulira penipeni pabisala m'mipatamu."

Mvula itangoyamba, minibasi inawagunda pamsewu wa ku Limbe. Anakhalitsa m'chipatala. Pobwera, fupa la mkono wamanja linali litalumikizana, koma zala zinkakana kufumbata. Kapu ya tiyi ankainyamula ndi manja awiri. Tsiku lonse ankangokhala pakhonde, kuyang'ana madzi ofiira akutsika m'ngalande kuchokera kuphiri. Munthu amene ankayambitsa nyimbo pa mapemphero a m'nyumba anasiya n'kuyimba komwe.

Ndiye kunabwera amalume kuchokera ku Phalombe. Kwathu ana ndi a kuchikazi, ndipo mawu a malume sagwa pansi. Anakhala pampando wa bambo, nayankhula ndi amayi ife tikumva: "Achemwali, sindingaonerere mbumba yanga ikuzunzika m'tauni, munda uli kumudzi. Ngati alamu sayambanso ntchito pofika masika, ndidzakutengani inu ndi ana. Iwo akapumule kwa abale awo." Sanali munthu woipa. Lero ndikuona kuti ankasenza udindo wake. Koma ine, kamtsikana ka ku pulayimale, ndinamva chinthu chimodzi chokha: tidzapita, bambo adzatsala.

Nthawi imene bambo anali m'chipatala, amayi ndiwo ankakhala pa benchi yawo kumsika, ndipo ankadulira mpeni womwewo. Utayamba kuvuta, anachita zimene mayi aliyense wa m'dera lathu amachita ndi mpeni wa kukhitchini. Anathira madzi pa sitepe ya simenti ya pakhonde, naukwecha uku ndi uku mpaka unang'anima. Mano a theka la mpeniwo anaperepeseka, kungotsala timabampu. Ataona kuti chingwe chikungoterereka, anaupinda mwakachetechete n'kuuika m'thumba la jekete la bambo.

Amalume atapita, m'mawa wina bambo anauitanitsa. Anautsegula ndi dzanja lamanzere, nayendetsa chala chachikulu pa timabampu tija. Amayi anaima pakhomo akupotokola nsonga ya chitenje. "Ndimati ndikuthandizeni, abambo," anatero. Ine ndinkayembekeza mkuntho. Koma bambo anaseka, kuseka kwawo koyamba chichitikireni ngozi ija. "Mayi, mwamuzula mano mnzangayu! Basi tafanana, tonse ndife olumala."

Masana omwewo anayamba kuunola. Mpeni wa mano saunola pamwala. Mpata uliwonse umanoledwa pawokha, mbali imodzi yokha, imene ili yopendekera. Tupa laling'ono lozungulira tinalibe, choncho bambo anakulunga sanipepa pa msomali. Vuto linali logwira. Zala sizinkatha kupana msomaliwo, ndiye amayi anaumangirira ku zalazo ndi legeni, kenaka amayiwo anagwira mpeni pampando wa thabwa ndi manja onse awiri.

Umo ndi momwe ndimalikumbukirira dzinja limenelo. Amayi akangofika kuchokera kumsika, asanasambe n'komwe, ankagwada pakhonde. Mvula ikuwomba malata, msomali ukulira kwe, kwe, kwe, ndipo fumbi lakuda la chitsulo likudetsa chitenje. Sanipepa ikatha, tinkakulunga ina. Bambo ankakankha msomali pang'onopang'ono, thukuta likutsika m'khosi ngati akulima. Mpata ukakumbika ndipo kuseri kukaoneka kachitsulo kopindika, ankapukuta mbali yosalalayo pa lamba wakale, n'kupita pa dzino lina.

Sindikufuna kunama kuti masiku onse anali abwino. Panali masiku amene dzanja linkanjenjemera, msomali n'kulumpha kukala dzino lapafupi. Tsiku lina bambo anamasula legeni n'kuitaya m'matope. "Zakwana! Auzeni achimwene anuwo abwere mawa lomwe." Amayi anakatola legeniyo, naitsuka, nagwadanso. "Dzino limodzi lokha, abambo. Likatha ilo tipume." Ndakhala ndikumva maulaliki ambiri onena za kupirira, koma palibe umene unandilowa ngati mawondo a amayi pa simenti yonyowa ija.

Sindikudziwa tsiku limene legeni inasiya kufunika. Ndinangozindikira madzulo ena kuti yapachikidwa pazenera, ndipo bambo agwira msomali ndi zala zawo zokha, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

Amalume anabweradi m'masika, atanyamula mondokwa ndi nzimbe. Atalonjerana, bambo anakunkhuniza tayala lakale kuchokera kuseri, naliponda ndi phazi, natsegula mpeni ndi dzanja lamanja. Mano anagwira mphira. Dzanja linkanjenjemera ndithu, tonse tinkaona, koma silinataye. Anacheka, napuma, nachekanso, mpaka chidutswa chinagwa pansi kuti phi. Anadulanso china. Pamene ankafuna kuyambanso, amalume anakweza manja. "Alamu, basi, mudula ndi ine ndemwe!" Anaseka mpaka kupukuta m'maso, kenaka anavula nsapato n'kuponda pa chidutswa chija. "Yezani phazi ili. Nkhwayira zanga ndinyamule mawa." M'mawa mwake anakwera basi okha.

Madzulo a tsiku limene anapita tinagwada kupemphera. Bambo anathokoza chifukwa cha anamwino, chifukwa cha amalume, chifukwa cha chakudya. Kenaka anati, "Ndiponso Atate, zikomo chifukwa mpeni uja unanoledwa pa simenti." Ndinatsegula diso limodzi. Amayi anali ataphimba nkhope, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Ndinadabwa kwambiri. Munthu angathokoze bwanji chifukwa cha chinthu chimene chinawonongeka? Sindikanatha kumvetsa pa msinkhu umenewo kuti mpeniwo ukanakhala wakuthwa, bambo akanayesa tayala tsiku loyamba lomwelo, dzanja likanalephera, ndipo akanaupinda osautsegulanso. Ambuye anawapatsa ntchito yolingana ndi zala zofooka, ndipo anawapatsa wowagwirira.

Inu amene mwawerenga izi, ngati muli ndi chimene chabuntha m'nyumba mwanu, kaya ndi dzanja, kaya ndi mtima, Ambuye akupatseni mphamvu yokwanira ntchito ya lero. Akuikireni pafupi munthu wogwada nanu, ndipo banja lanu alisunge pamodzi. Mtendere wake ukhale pa inu ndi pa ana anu. Amen.