Chala pa Khosi la Mphaka

Wojambula zithunzi wina anali ndi kasitudiyo kake kuseri kwa shopu ya telala: mpando umodzi, magetsi awiri, ndi nsalu yabuluu yolendewera mpaka pansi. Kale ankajambula anthu. Mafoni atachuluka anthuwo anasiya kubwera, kunatsala agalu ndi amphaka a mabwana, oti zithunzi zawo zikapachikidwe pabalaza.

Komatu galu sungamuuze kuti akhale phee. Ndiye ntchito yeniyeni inali ya mkazi wake. Mayiyo ankagwada kuseri kwa mpando atadzifunditsa nsalu ija, dzanja lina litagwira nyama m'chiuno, lina likuikanda pakhosi. Zaka khumi ndi zisanu ali chogwada, maondo anada bii, manja zipsera zokhazokha.

"Mayi a mwana, dzanjalo likuonekatu!" ankakuwa bamboyo, diso lili pa kamera. "Tsitsani!"

"Bwerani mudzamugwire ndinu, akatswiri," ankayankha mayiyo pansi pa nsalu.

Bamboyo ankanyadira chinthu chimodzi: palibe kasitomala ankadziwa kuti pachithunzi pali munthu.

Mayiyo anadwala masabata awiri, basi n'kupita. Mwana wawo wamkazi atafika anapempha chithunzi cha amayi ake, choti chiikidwe patsogolo pa bokosi. Mwanayo analibe, poti mayiyo ankakana zojambulidwa ndi foni, ati wojambula ali naye kunyumba.

"Zimenezo n'zosavuta," anatero bamboyo. "Chithunzi chingasowe kwa ine?"

Anatsegula situdiyo n'kuyamba kutsitsa makatoni. Agalu, amphaka, agalu enanso, mpaka dzuwa pamutu. Cha ukwati chinadyedwa ndi chiswe kalekale. Cha pachiphaso chinali ndi chidindo pamphumi penipeni. Chatsopano ankangoti adzawajambula tsiku lopanda makasitomala, ngati kuti masiku oterowo ankasowa.

Katoni yomaliza inali ya zithunzi zokanidwa. Anazipatula chimodzichimodzi, kenaka anaima. Mphaka wotuwa, wonenepa, maso ali psuu ndi mkwiyo. Pakhosi pake, m'mphepete mwa nsalu, panatulukira chala chachikulu chokhala ndi chikhadabo chong'ambika.

Anapukuta chithunzicho ndi malaya, n'kuchiika mu felemu yabwino kuposa onse. Manyazi anamugwira, koma anapita nacho.

Mwanayo anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ababa, uyu ndi mphaka."

"Yang'ana pakhosipo," anatero bamboyo. "Amayi ako ndi amenewo. Tsiku limenelo ndinawakalipira."