Wamaluwa Wovala Nambala Naini

Misheck Kapalamula anabadwira kwa Maganga, m'banja la asodzi, ndipo mpira anauphunzirira pamchenga, wopanda nsapato. Sukulu anailekezera sitandade sikisi. Atakula anayamba kugwira ntchito m'bwato la eni ake, ndipo chaka chilichonse ku chilumba cha Mbenji kukatsegulidwa ankapita kukakoka utaka, n'kubwerako atada bii, manja atang'ambika ndi zingwe za ukonde wa chilimira. Koma anthu sankamudziwa chifukwa cha nsomba ayi. Ankamudziwa chifukwa cha phazi lake lamanzere. Akavala nambala naini ya Mafunde, timu ya m'mudzi mwawo, ngakhale amayi owamba nsomba ankasiya moto n'kuthamangira kubwalo.

Chitatha chisankho cha matipate, makomiti anabuka paliponse. Nawo matimu a m'mbali mwa nyanja anakhazikitsa ligi yawo, ndipo anasankha a Abdallah, telala wa ku Senga Bay, kukhala tcheyamani. Pamsonkhano woyamba panabuka dandaulo. Matimu a asodzi ankadalira kusonkherana, pomwe matimu a m'malo ogona alendo ndi a eni mabizinesi ankangotola osewera abwino ngati mango akugwa. Atakangana mpaka kutopa, anamanga mfundo: wosewera asamalandire choposa ya sopo pamasewero alionse, ndipo timu yophwanya lamuloli izilandidwa mapointi. Timu ya pakampani inaloledwa kuseweretsa antchito ake enieni, poti malipiro awo ndi a ntchito, si a mpira. Misheck analipo tsikulo, ndipo mkono wake unali m'gulu la yoyamba kukwezedwa.

Chaka chimenecho zinthu zinakwera mtengo moti ndalama inkasungunukira m'manja. Nsomba nazo zinavuta. Mkazi wake, Alinafe, anali woyembekezera mwana wawo woyamba, ndipo denga la nyumba linkadontha. Ndi nthawi imeneyo pomwe a George, manijala wa loji ina ku Senga Bay, anamupeza padoko akusoka ukonde.

"Phazi limenelo ukuliwonongera m'madzi," anatero a George. "Kwathu kuli malo a wosamalira maluwa. Malipiro mwezi ndi mwezi, nkhomaliro pomwepo."

"Bwana, ine za maluwa sindizidziwa."

A George anaseka. "Ndani wanena za maluwa? Iwe uzingovala ovololo. Alendo akamadutsa, gwira khasu. Madzulo, kubwalo."

Misheck sanafunse kuti malowo apezeka bwanji. M'kati mwa mtima ankadziwa kuti loji yonga imeneyo singakhale zaka zonsezo yopanda wothirira maluwa, koma funsolo analimeza. Anayamba ntchito. M'mawa ankakhala pansi pa mtengo kuseri kwa khitchini, kupumitsa miyendo monga anamulamulira a George. Loweruka lililonse ankagoletsa. Anzake a Mafunde anasiya kumupatsa moni, koma iye ankadziuza kuti moni sadya.

Tsiku lina Alinafe anabwera kuchokera kumsika nkhope ili gwaa.

"Kodi inu, ntchito mukugwirayi mukudziwa kuti inali ya yani?"

"Ine sindinachotse munthu."

"Sindinati mwachotsa munthu. Ndakumana ndi bambo Yakobo akukankha njinga ya nkhuni pamsewu wa ku Salima. Munthu wamkulu ngati amene uja, thukuta lili kamukamu. Ndawapatsa moni, andiyankha bwinobwino, mpaka kufunsa za inu. Ine ndinangolakalaka nthaka itang'ambika."

A Yakobo anali mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo, munthu amene anawalangiza pa ukwati wawo. Anasamalira maluwa a pa lojipo kuyambira kusanabwere magetsi. Misheck anangoti a George ndiwo akudziwa, natuluka panja. Kuyambira Lamulungu lotsatira anayamba kufika kutchalitchi mochedwa, kukhala kumbuyo, n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Ligi ili pakati, a Mafunde anakasuma kukomiti. Mlandu unakambidwa Loweruka m'mawa m'kalasi ya pasukulu ya pulaimale, akuluakulu atadzipanikiza m'madesiki a ana, ena atadzaza m'mawindo. A Abdallah anamuuza Misheck kuti aimirire.

"Tiuzeni zoona, achimwene. Ku loji kuja mumagwira ntchito yanji?"

"Ya maluwa."

"Mumatani kwenikweni?"

"Ndimathirira. Ndimadulira. Ndimasesa."

Wina pawindo anakuwa kuti, "Amathirira golo!" ndipo kalasi yonse inafa nacho chiseko. Misheck anayang'ana pabolodi pomwe panali masamu a ana osafufuta, makutu akutentha.

Apo a Mafunde anaitana mboni yawo, ndipo mboniyo inali a Yakobo. Anawatenga dala, podziwa kuti munthu wochotsedwa ntchito alibe chifukwa chobisira amene anamudyera. Mkuluyo analowa atavala jekete lake la kutchalitchi, chipewa chili m'manja. Sanayang'ane Misheck. Sanayang'anenso a George, amene anali atayamba kupukuta pamphumi.

"Ine ndakula," anatero a Yakobo. "Msana unayamba kukana. Mnyamatayu ndi wamaluwa. Khasu ndinamusiyira ndine."

A Abdallah anawayang'ana a Yakobo nthawi yaitali, kenaka anati, "Wallahi, mawu a munthu ngati inu sindingawatsutse." Mlandu unathera pomwepo.

A George anamumenya Misheck paphewa mokondwa, koma iye anawazemba n'kuthamangira kumsewu. Anawapeza a Yakobo akuyenda okha, pang'onopang'ono.

"Bambo, mwaneneranji zimene zija?"

Mkuluyo anaima. "Mkazi wako watsala pang'ono kuchira. Akakuchotsa iwe, ukuganiza kuti ine andibwezera? Atenga wina wodziwa kuthamanga. Nyumba imodzi ikugona ndi njala kale. Umafuna zikhale ziwiri?"

"Ndikhululukireni, bambo."

"Usafulumire kupepesa, sindinathe. Wandinamitsa pamaso pa anthu, ine mkulu wa mpingo. Mawa kuli mgonero ndipo ine sindidya nawo. Anthu adzafunsa chifukwa chake, ndipo ndidzasowa chowayankha." Anavala chipewa chawo. "Tsono ukathirireko maluwawo. Ndimawaona ndikamadutsa ndi nkhuni, akuuma. Ukatero mwina bodza langa lichepako."

Lolemba Misheck anatenga ndowa. Sankadziwa duwa lofuna madzi ambiri ndi lofuna ochepa, choncho ena anavunda, ena anapsa ndi manyowa. Kupita kukafunsa kwa a Yakobo kunamukanika. Miyendo inkamufikitsa pafupi ndi nyumba yawo, n'kubwerera. A George atamuona akukumba anakalipa kuti sanamulembere kudzatopetsa miyendo, koma Misheck anapitiriza, ndipo poti zigoli sizinasiye kubwera, anamuleka.

Timu ya pa loji inatenga chikho chaka chimenecho. Pa masewero omaliza anamunyamula Misheck m'mwamba kuzungulira bwalo, iye maso ali kwa anthu, kuopa kuonamo jekete lija. Chaka chotsatira aliyense anali ataphunzira njira. Mwini chigayo wina analemba alonda ochuluka kuposa zitseko zake, onse odziwa mpira. Sitolo ina inadzaza ndi onyamula katundu amene sananyamulepo thumba. Lamulo la ya sopo silinafafanizidwe, linangosiya kutchulidwa. A Abdallah anatula pansi udindo n'kubwerera kumakina awo. Mafunde inayamba kugonja ndi zigoli zochititsa manyazi, anyamata anagwa ulesi, ndipo pamapeto pake mbuzi ndizo zinatsala pabwalo lawo.

Misheck anasewera mpaka bondo lamanzere linathyoka pa masewero ena ku Chipoka. A George anamulipirira kuchipatala, zimenezo sawanamizira. Koma atachira akutsimphina, anamuuza kuti ntchito ya maluwa yachepa. Sabata yomweyo pa lojipo panafika mnyamata wamtali wochokera ku Nkhotakota, goloboyi. Apo n'kuti Misheck atayamba kuwadziwa maluwawo ndithu, koma sanatsutse. Anabwerera kunyanja, ndipo mwini bwato wake wakale anamulandira osamufunsa kanthu. Alinafe anayamba geni ya usipa wouma, ndipo banja linayenda choncho, osalemera, osapemphetsa.

A Yakobo sanaitchulenso nkhaniyo, kwa iye kapena kwa wina aliyense. Nkhuni zitawakanika, mwana wawo wamkazi wa ku Dedza anawaitana kuti azikakhala naye. Misheck anamva za ulendowo kwa mkazi wake, ndipo m'mawa mwake anabwereka njinga n'kukaima pakhomo pawo. Anamanga matumba awo pakaliyala, nawakankhira mpaka pamsewu waukulu. Njira yonse ankakonza mawu m'mutu, koma akati atsegule pakamwa, mkuluyo ankayamba za mvula, kapena za mtengo wa feteleza. Minibasi inabwera yodzaza kale. Kondakitala anaponya matumba pamwamba, akukuwa kuti madala afulumire. A Yakobo analowa movutikira, nakhala pampando wa pakhomo, mawondo atagunda mpando wakutsogolo.

"Ukapereke moni kwa mayi a kunyumba," anatero.

"Akamva, bambo," anayankha Misheck, ndipo kondakitala anatseka chitseko.